Makoko a lupini ayamba kuthetheka

A Gethin,

Pepani, buledi wapserera, ine ndathamangira basi ya kuntchito. Ndinatuluka kuti ndikathyole makoko a lupini, chitsamba chathu cha maluwa achikasu chija, koma nditawamva akuthetheka padzuwa ndinangokhala pansi. Mtima unabwerera kumchenga wa kunyanja kuja tinkabisala tisanakwatirane, maluwa achikasu akununkhira ngati uchi, inu tsitsi lidakalipo kumutu.

Mbewu yathuyi tinaitola komweko, ndipo sinatitherepo. Koma chitsambachi chakalamba, tsinde lang'ambika, sichidzapirira chisanu chikubwerachi. Thyolani makoko akudawo dzuwa lisanatenthe kwambiri, muwaike m'thumba la pepala. Mukachedwa, njere zonse zidumphira kwa aneba athu a Pritchard, ndipo aja amazula chilichonse chimene sanabzale okha.

Musachithirenso manyowa chifukwa cha chisoni, madala. Chinakulira pamchenga, ngati ife.

Nesta