Nkhope ya malemu pa chiliza

Loweruka, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, koma ine m'thupi muli zii.

Lero tinali ku Nkhulambe kovundukula chiliza cha agogo. Amayi aang'ono, amene anabadwa mapasa ndi amayi anga, afika kuchokera ku Limbe patatha zaka zambiri osabwera. Atangotsika pa kabaza, nyimbo zaima. Tsitsi lili mbuu, masaya olendewera, mwendo akukoka, ndendende agogo amene tinali kuwamangira chilizawo. Mayi wina wakwaya wataya buku, amvekere, "Mayo ine, malemu adzuka!" Amayi anga ataima pambali pa amayi aang'onowo amaoneka ngati mwana wawo.

Pobwerera kwayamba manong'onong'o akuti amayi akuyamwa zaka za m'bale wawo. Sindinapirire. Ndawauza achibalewo zimene tinaphunzira ku koleji, kuti chakudya chimasiya zizindikiro pa DNA, malangizo a chibadwa olembedwa m'magazi mwathu, kudzutsa tizigawo take tina totchedwa majini n'kugoneka tina, mpaka thupi limatha kukalamba kupitirira zaka zake. Amayi amadya nandolo, kalongonda ndi chigwada. Amayi aang'onowa pa okala yawo ku Limbe ndi tchipisi ndi zakumwa zashuga tsiku lililonse. Si chokhacho, koma chimathandizira.

Amalume andiyang'ana nthawi yaitali. "Zolembedwa m'magazi, zosaoneka ndi maso? Nanga ufiti n'chiyani, a digiri?" Onse avomereza. Mawa banja likhala pansi pa nkhani ya amayi, ndipo umboni ndawapatsa ndine.

Madzulo ano amayi aang'ono andigwira patsaya ndi dzanja lozizira. "Ukapeza ntchito ku Limbe uzidzakhala kwa ine, mwanawe. Nkhope yathu ndi imodzi."

Kalilole ndamutembenuzira kukhoma, komabe nkhope ya agogo ija ndikuionabe pa nkhope yanga.