Chikho cha a Januario

Bangwe, Blantyre
Meyi 1999

Okondedwa achimwene a Herbert,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiyani, poti kuzizira kwayambanso. Ife kuno tili moyo. Mwana wanu Patience akudya, akupita kusukulu. Kungoti ine sakundiyankhula bwino.

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndiyambe ndi kuwongola zimene mwamva. Sindinamenye munthu. Sindinatukwane a Januario pagulu, ngakhale mawu ake ndinali nawo okwanira. Palibenso chipani chimene chinandigula. Amene akukulemberani kuti Annie wadya za otsutsa abwere adzaone nsapato zimene ndikuvala.

Mukudziwa kuti chibwerereni ku Zomba wopanda digiri ndakhala ndikuphunzitsa atsikana a kuno mpira wamanja. Bwalo tinalambula tokha. Mizere tinkalemba ndi phulusa, mapolo anali a bulugamu. A Januario Likoswe, amene akufuna uphungu pa chisankho chikubwerachi, ankadutsa pomwepo pa galimoto osatsitsa ndi galasi lomwe. Chaka chino ndiye akumbukira kuti atsikana ali ndi makolo, ndipo makolowo ali ndi mavoti. Anaika chikho, nagula mipira ndi mapolo achitsulo.

Tinalowa nawo, sindikana. Tinakwapula matimu onse mpaka kufika mu fainolo ndi a ku Namiyango. Achimwene, mwana wanu simunamuonepo ali pansi pa polo. Akagwira mpira m'kati mwa mzere muja, woimbira amayamba kale kuika wenzulo pakamwa. Mbiri yake inafika kwa kochi wa timu ya kampani ina ya ku Maselema, ya mu ligi yaikulu, ndipo mayiyo analonjeza kudzamuonera pa fainolo. Kampaniyo ikatenga wosewera imamulembanso ntchito akamaliza Fomu 4. Inu amene munathawa ulova wa kuno sindikufunika kukufotokozerani tanthauzo lake.

Tsiku la fainolo tinafika m'mawa. Anatiuza kuti mpira suyamba mpaka bwana afike. Ana anakhala padzuwa opanda madzi, zimkuzamawu zikungolira nyimbo zachipani. Dzuwa litapendeka kunabwera mayi Chisoni, apampando a amayi a chipanicho, atasenza mtolo wa nsalu zokhala ndi nkhope ya a Januario. Anati atsikana onse avale, andande kumsewu, bwana akamatsika avine mpaka akakhale pampando. Akatero asewere atamanga nsalu zomwezo m'chiuno, kuti wojambula wa nyuzipepala apeze chojambula.

Ndinawafunsa kuti lamulo limenelo lili patsamba liti m'malamulo a mpira wamanja. Iwo anaseka, akuti aphunzitsi musavute, ino ndi demokalase, aliyense akuvina mwa kufuna kwake. Ndinafunsa kuti nanga amene sakufuna? Akuti ameneyo chikho sachiona, chifukwa bwana sangadyetse mwana amene sakudziwa kuthokoza. Kenaka anatembenukira anzawo n'kunena mokweza kuti vuto la anthu a digiri yatheka n'lomweli, sukulu inawakana koma chizungu chinawatsalira m'mutu.

Ndinawayankha kuti theka langalo n'lokwanira kuwerenga nkhope ya munthu pansalu. Ndi mawu okhawo amene ndinanena. Ngati kumeneko ndi kutukwana, ndiye Bangwe yense amatukwana pogula tomato.

Mukukumbukira mmene mayi athu ankakwezedwera pa lole kukayeserera magule ku sitediyamu, nthawi ya chipani chimodzi? Ankabwerako miyendo itatupa, mawu atatha, ife titagona ndi njala. Pa riferendamu ine ndi inu tinaima pamzere umodzi kuvotera nyali, tikuti zimenezo zatha. Zatha pati? Asintha mtundu wa nsalu basi. Kale ankavinitsa amayi, lero ayamba ndi ana a Fomu 3, ndipo nyambo yake ndi mpira.

Ndinauza atsikana anga kuti anyamule zikwama tizipita. Anandimvera, kaya chifukwa chogwirizana nane kaya chifukwa amandiopa, sindinafunse. Patience ndiye anali womaliza kuchoka. Tikutuluka ndinamuona kochi wa kampani uja akupita kokwerera minibasi. Mwana wanu anamuonanso.

Komiti ya chikho inakumana osandiitana, n'kundichotsa. Timu yanga anaipereka kwa mnyamata wachipani, Everson, amene ntchito yake ndi kukwera pamwamba pa lole n'kumakuwa. Lolemba anafunsa ana chifukwa chake sakuthamanga ndi mpira kupita nawo ku golo. Ameneyo ndiye kochi tsopano. Fainolo aibwereza Loweruka likubwerali, nsalu ndi gule zili pomwepo. Kochi wa kampani watumiza mawu kuti abweranso, koma kachitatu sadzabwera, chifukwa akutseka kalembera wa osewera.

Patience anakhala masiku osandiyang'ana. Tsiku lina tikutsuka mbale anangoyamba yekha. Anati azakhali, inu munachoka ku yunivesite chifukwa chokana kutseka pakamwa, ndipo aliyense amakutamandani, koma lero mukuphunzitsa pa sukulu ya munthu yopanda ndi zitseko zomwe. Anati iye nkhope ya a Januario alibe nayo ntchito, akhoza kuvala ngakhale nkhope ya fisi, bola amuone akuchinya. Anandifunsa ngati pochoka pabwalo paja ndinaganizako za iye.

Ndinafuna kumuwomba mbama. Sindinatero. Ndikanati ndibwerere pa tsikulo, nsaluzo ndikanazikanabe. Koma amene analipira kukana kwanga si ine.

Tsopano inu mukuti ndimukweze basi Loweruka lisanafike, apite kwa mayi ake ku Phalombe, atalikirane ndi ndale ndiponso ndi ine. Mukutinso akulu ampingo akuuzani kuti mpira wa timasiketi tatifupi ukumuononga. Akulu ampingo omwewo anali pabwalo tsiku lija, atakhala pamipando yakutsogolo pansi pa tenti, kudikira kuwombera m'manja ana a eni akamagwedeza chiuno pamaso pa mwamuna wamkulu ngati bambo awo. Siketi ya mpira ndiyo tchimo, gule wa chipani ayi. Muwafunse kuti zimenezo anaziwerenga m'buku liti.

Ku Phalombe akukatani? Sekondale ili kutali, mukudziwa. Chaka chisanathe mudzalandira kalata yoti kwabwera munthu wa njinga yatsopano kudzafunsira mbeta. Mukatero mudzati mwamupulumutsa?

Ine sindizolowera kupempha, ndipo mukudziwa. Koma ndikukupemphani, achimwene: musiyeni asewere. Ngati mukufuna woti mumulange, ndilipo ine. Lekani kundilembera, uzani abale onse kuti Annie ndi wamwano, sizikhala zachilendo kwa iwo. Koma basi imeneyo sindimukweza. Kalata ino ikamakupezani Loweruka lidzakhala litadutsa, ndipo ndalemba ndikudziwa zimenezo. Chimene ndikupempha n'chakuti akamutenga a kampaniwo, musadzatumize munthu kudzamuchotsa kuno.

Kubwaloko ine sindikapondako. Sindingaime n'kumaonera mwana amene ndinamuphunzitsa kuponda bwino ndi mpira akuvinira munthu amene sadziwa kuti timu imakhala ndi anthu angati. A Januario akawina, bwalo lija adzaliiwala. Akaluza, adzatumiza anyamata kudzazula mapolo awo. Zonsezo ndikuzidziwa, ndipo Patience akuzidziwanso.

Mundiperekere moni kwa a Feston ndi onse akwathu amene mukukhala nawo kumeneko. Muzivala zofunda. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mtima wofewa kuposa wanga.

Ndine mlongo wanu,
Annie

Nsalu ija Patience anabwera nayo dzulo. Anandipempha kuti ndimusokere ikhale siketi, kuti isamamukole pothamanga. Ndasoka. Nkhope ya a Januario yagwera kumbuyo, pokhalira.