Tadala Wasiya Kwaya

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru tilipo, koma miyendo ya amayi ikutupabe.

Nkhani ndi ya mwana wanu Tadala. Chichokereni inu, amene ankamuuza zakukhosi anali Esinati yekha, mwana wa matenanti a pa esiteti paja. Ankakhala desiki imodzi, kwaya ankaimbanso limodzi. Fodya atatha, lole inabwera Lachitatu m'mawa kudzatenga matenanti kubwerera nawo kwawo ku Phalombe. Tadala anali m'kalasi, moti sanatsanzikane.

Kuyambira tsikulo kwaya wasiya, ndipo pa mayeso apitawa anangolemba dzina lake basi. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, achemwali. Mwana wa msinkhu uwu amalimba mtima akakhala ndi womudalira, ndipo akamusowa amafota. Nditamuuza kuti apeza mnzake wina, anandiyankha modekha kuti, "Amalume, amayi anakwera basi, Esinati wakwera lole. Winayo ndimuzolowere kuti adzakwere chiyani?"



Chonde muimbireni foni Lamulungu likubwerali, ngakhale sindikudziwa ngati adzayankhule nanu. Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Yohane