Timibulu ta m'mizu ya soya

Lachitatu, mwezi wa Febuluwale. Kunja kwatentha, mtima wanganso chimodzimodzi.

Alamu anga, amuna a mchemwali wanga Esnati, abwera kumunda n'kuzula soya wanga osapempha. Ataona timibulu m'mizu akuti, "Mlamu, awa ndi matenda. Zulani mubzale mbatata."

Matenda ati? Timibuluto ndi nyumba za mabakiteriya amene ndinapaka kumbewu pobzala, aja amawonjezera chonde m'nthaka. Alamu omwewa anandiseka nditayanika mbewuyo pamthunzi, chonsecho alangizi anati dzuwa limapha mabakiteriyawo.

Ndazula mapata awiri, ndaswa timibulu ndi chikhadabo iwo akuona. Ta kumtunda, kumene ndinakwirira mapesi m'malo motentha, n'tonenepa, m'kati mofiirira ngati nyama, kusonyeza kuti mabakiteriya akugwira ntchito. Ta kumunsi, kodikha madzi, n'tating'ono, totuwa. Mbewu ndi imodzi, chasiyana ndi dothi. Mawa ndikumba ngalande, basi.

Achoka akung'ung'udza kuti munda wa mkazi wamasiye sulongosoka. Aiwala kuti mundawu anandisiyira ndi mayi anga, iwo pano ndi akamwini. Soya wanga sazulidwa. Ngati manja akuwayabwa, akazule kwawo ku Nthache.