Chala cha Abambo

Phalombe Boma,
14 Okutobala, 2024.

Okondedwa achimwene a Stafford,

Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni mumandidula pakamwa, ndipo lero ndikufuna mundimve mpaka ndimalize. Kalatayi ndapatsira a Hamidu a pa basi ya ku Joni. Kuno tilipo, koma musandifunse ngati tili bwino.

Kirankishafuti munatumiza ija, chitsulo chozungulira cha mkati mwa injini, inafika, yonyezimira ngati mbale ya alendo. Munati ndi ya magalimoto a mpikisano, mukufuna kuti pa Khirisimasi galimoto yanu izidzauluka pa msewu wa ku Migowi. Chabwino, ndi yanu. Abambo anaitulutsa m'bokosi, anayendetsa chala pamene pamakhala mabeling'i, kenaka anatenga beling'i imodzi mwa amene munatumiza aja n'kuigoneka pomwepo. Anati sizikugwirizana. Chitsulo chatsopanochi m'makona mwake ndi monenepa kuposa chakale, ndiye beling'i wamba imakwera pakonapo n'kumakhula, oyilo osapeza polowa. Pamafunika mabeling'i ochepa m'lifupi, osemedwa m'mbali. Anati tidikire sabata imodzi, afufuze ku Limbe.

Sabata imodzi yokha, achimwene, inu munaiona ngati chaka. Munatuma Goodman, munthu amene anaphunzira kugwira sipanala m'galaja ya Abambo momwemo, kuti amange injiniyo. Kodi mukudziwa kuti tsiku lija Goodman anakuikani pa sipika ya foni? M'galajamo munali makasitomala atatu, ndi akabaza awiri amene anabisala dzuwa pakhonde. Tonsefe tinakumvani: "Mdalayo maso anatha, asakhudzenso injini yanga."

Mdalayo! Munthu amene anakulerani ndi manja akuda ndi girisi. Manyazi munawasiya pa boda kapena? Abambo anapukuta manja n'kumusiyira Goodman malo. Anangomuuza kuti akamanga azungulitse kaye ndi dzanja, amva ikuluma. Goodman anazungulitsa, inalumadi, iye n'kunena kuti zatsopano zimatero, imasuka ikatentha.

Inatenthadi. Lachiwiri Goodman anapita kukaiyesa, ndipo asanafike n'komwe pa Migowi injini inagogoda n'kuuma. Galimoto inabwera yokokedwa ndi thirakitala, msika wonse ukuonerera. Titatsegula tinapeza mabeling'i atapserera, chitsulo chanu chodula chija chili mabala okhaokha m'makona, ndendende mmene munadutsa chala cha Abambo. Tsono tandiuzani, wosaona ndi ndani?

Mwina mukuganiza kuti Abambo anakondwa poti zawo zapherezera. Ayi ndithu. Chiyambire tsiku la foni lija sanavalenso ovolosi. Amangokhala pansi pa mtengo wa mango kunyumba. Munthu akabwera ndi galimoto amamuuza kuti apite kwa oona.

Apa ndiulule changa, chifukwa chikundidya mumtima. Za ng'ala m'maso mwawo ndinakuuzani ndine, mu Epulo muja, koma sindinakuuzeni zonse. Zaka ziwiri ndakhala ndikuwawerengera manambala a pa maikilomita, kachipangizo koyezera chitsulo kaja. Iwo amagwira, ine ndimanong'oneza, ndipo palibe kasitomala anadziwapo. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ine ndi pakamwa pangapa ndinauza inu, ndikuti ndinu mwana woyamba, muthandiza tiwatengere ku chipatala cha maso. Sindinadziwe kuti ndikukupatsani ndodo yowakwapulira pagulu. Dzana anandifunsa kuti kodi Stafford anamva kwa yani. Ndinati kaya. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso omwewo mukuti anatha, mpaka ndinathawira kuseri kukalira.

Musatumize chitsulo china, komanso musanditumizire nsapato zonditseka pakamwa. Ndikufuna muwaimbire Abambo nokha, osati kudzera mwa Goodman, muwapepese ndi pakamwa pomwepo munawanyozera. Mukatero muwafunse kuti mabeling'i oyenera ndi ati, ndipo mukhale chete mpaka amalize, ngakhale ayambire nkhani ya malole a m'ma 80. Injini yanu ili pa benchi, ndaifunditsa chiguduli. Palibe wina aikhudze ine ndili moyo.

Amayi akupereka moni, akutumizirani nandolo ndi kalongonda wouma. Alamu anu a Makina akuti muzigwira ntchito bwino. Goodman moni wake sindinamufunse, akuzemba njira ya kwathu. Abambo nditawafunsa ngati ali ndi mawu, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi maikilomita yawo yokulungidwa m'kansalu kake, ija sankalola ngakhale inu kuigwira. Anati, "Uiike m'katundumo. Woyeza zinthu tsopano ali ku Joni."

Sindinaiike. Mukasanthula m'jumbomo mupeza za Amayi zokha. Ndaibisa pansi pa zovala zanga, ndipo m'mawa uliwonse m'galaja ndikusesabe. Abambo akuganiza kuti yapita. Imbani asanazolowere.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wanu ndithu,

Felista.