Khofi Wamchere Anapita kwa a Hikmet

Sinop,
10 Meyi 2023

Okondedwa achemwali anga a Nermin,

Ndikhulupirira muli bwino ku Duisburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Mankhwala a mawondo aja anafika, zikomo. Ndasankha kalata chifukwa pafoni sindingathe, alamu anu a Recai amamva ngakhale kunong'ona kwa kukhitchini.

Kuno anthu apenga ndi chisankho cha Lamlungu. Galimoto za zimkuzamawu zikungozungulira, ina ikuti fakitale ya magetsi a nyukiliya imene akufuna kumanga m'mbali mwa nyanja yathu ibweretsa ntchito, ina ikuti itipha ife ndi nsomba zomwe. A Recai mukuwadziwa, usodzi ndiwo moyo wawo. Analumbira atagwira buledi kuti m'nyumba mwawo palibe adzavotere chipani chofuna fakitaleyo. Inenso mtima wanga uli komweko. Paja chaka cha ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl anatiuza kuti tiyi alibe vuto, ife n'kumamwa, kenako mayi athu tinawaika ali mafupa okhaokha. Ophunzira anene zawo, ine ndimaopa.

Tsono Sevcan wanga wagwa m'chikondi ndi Tuncay, mwana wa a Hikmet, omwe amagawa mbendera za chipani chomwecho. Mnyamatayo ndi waulemu, sindinama, koma wapeza ntchito yowotcherera zitsulo pa fakitale ina ya nyukiliya imene ikumangidwa kummwera.

Loweruka anabwera ndi bambo ake kudzafunsira mbeta, maluwa ndi chokoleti zili m'manja. Ndinali nditawachonderera a Recai kuti zandale azisiye pakhomo pamodzi ndi nsapato. Anapirira ndithu, mpaka a Hikmet anati, "Achimwene, mudzafa mukununkha nsomba inu. Asiyeni anawa aone kuwala."

"Kuwala?" anatero a Recai. "Kawaleni nokha, tizikuonani usiku ngati chiphaniphani!"

Apo n'kuti Sevcan akulowa ndi khofi. M'kapu ya Tuncay anali atathiramo mchere monga mwa mwambo, kuti tione ngati mkamwini angamwe osakwinya nkhope. Koma ndi kukalipirana kuja mwana mutu unamubalalika, kapu yamchere n'kupita kwa a Hikmet. Anangolawa kamodzi, n'kulavulira pakapeti wanga.

"Yankho lanu ndalimva," anatero akuimirira. "Mwamutuma mwana andimwetse madzi a m'nyanja yanuyo. Tuncay, tiye!"

Ndinawathamangira mpaka kumsewu opanda nsapato, ndikulumbira kuti inali ngozi, koma sanacheuke. Pobwerera ndinapeza a Recai akuseka mpaka misozi, amvekere, "Mwana wa bambo ake ameneyo!" Mpaka lero akunyadira kwa asodzi anzawo kudoko. Sakudziwa kanthu.

Dzulo ndikusesa m'chipinda cha Sevcan ndinapeza chikwama kunsi kwa bedi, zovala zili zopindapinda. Nditamufunsa sanabise.

"Amayi, Lamlungu bambo adzakhala kusukulu kuyang'anira mavoti mpaka awerengedwe onse. Basi ya kummwera imanyamuka madzulo. Mukangowauza, nkhope yanga simudzaionanso."

"Nanga ana ako udzabalira pafupi ndi chinthu chimenecho?"

"Inu mwakhala mukuopa moyo wanu wonse, amayi. Ine ndatopa nazo."

Achemwali, ndili ndi mantha. Ndikawauza a Recai, mfuti yawo yosakira ija ili pamwamba pa kabati, ndipo kwa a Hikmet si kutali. Ndikakhala chete, ndiye kuti mwana ndamupereka ndekha kumalo kumene ndimaopa kuposa manda. Kalatayi idzakupezani zonse zitachitika kale. Pempho langa ndi limodzi: sukulu zikatsekera mubwere, chifukwa munthu amene a Recai amamuopa ndinu nokha. Ndipo chonde musadzatchule kuti ine ndinkadziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. A Recai akuti moni, akuti nsomba za hamsi za chaka chino munaziphonya. Sevcan ali kukhitchini, akuphikira bambo ake msuzi umene amaukonda, tsiku lachitatu lotsatizana. Akuti akupsompsona manja anu. Moni wakewu muusunge bwino, achemwali, chifukwa sindikudziwa kuti ndidzakhala nawonso liti wina woti ndikutumizireni.

Ndine mng'ono wanu,
Feride