Zilembo za Pakhoma

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kakhanda kanu. Musadabwe kuti zilembo zanga zakula ngati za mwana wa sitandade wani, ndikulemba nditatsinzina diso lakumanja.

Paja ndinakuuzani kuti shuga wandilowa m'maso. Adokotala akuti mkati mwa diso mwamera timitsempha tosafunika, tosalimba, timene timadontha magazi. N'chifukwa chake ndikamasoka ndimaona timadontho takuda tikuyandama pansalu. Anandilowetsa m'gulu la anthu oyesera mankhwala atsopano, jakisoni wa m'diso mwenimwenimo mwezi uliwonse, kumanja kokha. Lakumanzere anati adzaliwotcha ndi makina a kuwala, njira yakale imene anaizolowera.

Tsopano khalani pansi, achemwali, ine ndapalamula.

Asanatibaye, anamwino amatiphimba diso limodzi n'kutiwerengetsa zilembo za pakhoma. Benchi yodikirira ili pakhomo penipeni, ndipo chitseko chake sichitsekeka bwino. Aliyense akamawerenga mokweza, ine ndimamva. Mutu wangawu mukuudziwa, miyezo ya makasitomala ndimasunga popanda kope. Pofika mwezi wachitatu ndinali nditaloweza mpaka mzere wapansi. Bambo wina wokonza mawotchi, amene timakhala naye pabenchipo, anandinong'oneza kuti anthu amene mankhwala sakuwagwira amawachotsa m'gulu. Ndinachita mantha. Ndinalowa n'kuyimba zilembozo ngati nyimbo, chonsecho ndikuona chifunga chokhachokha.

Dzulo adokotala anandilandira akumwetulira. "Mayi, chithunzi cha diso lanu sichikundisangalatsa kwenikweni, koma mmene mukuwerengeramu, ndiye kuti mankhwalawa ayamba kugwira. Lachisanu la sabata yamawa tibayenso lakumanzere, zowotcha zija tiziimike kaye."

"Zikomo adokotala," ndinatero ine chitsirune, n'kulandira pepala loti ndikasaine.

Achemwali, lakumanzere ndi limene likundidyetsa! Ndi limene ndimalowetsera ulusi m'singano. Nditafika kushopu ndinaliphimba kuti ndiyese lakumanja lokha, sindinathe kuwerenga ngakhale zala zanga. Ndiye taganizani, kulinso anthu ena amene angadzabayidwe mankhwala amenewa chifukwa cha bodza langali. Pepalalo lili pansi pa makina osokera, sindinasaine. 

Ndatsimikiza zokaulula, ndikawauze adokotala andiikire zilembo zina aone okha. Kaya akandikalipira, kaya akandichotsa, kaya miyezi ndatayayi yawononga kale, sindikudziwa. Koma ndisakunamizeni, mwezi watha ndinatsimikizanso chomwechi. Nditangoona nkhope yawo yachifundo ija, pakamwa panayamba pokha kuyimba. N'chifukwa chake ndikukupemphani, chonde bwerani mudzalowe nane m'chipindamo. Ndikadzangoyamba kuwerenga, mudzanditsine ngati mmene munkachitira ndikanama tili ana. Musadzandimvere chisoni ayi.

Amayi musawauze kaye, mukudziwa mtima wawo suchedwa kuthamanga. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze andibwereke mkazi wawo masiku awiri okha.

Kakhanda kaja munati mudzabwera nako patchuthi chakumapeto kwa chaka. Ayi achemwali, musadikire. Bwerani nako ulendo uno, ndidzakaone nkhope ndekha, osachita kuuzidwa kuti kakufanana ndi ndani. Ndakasokera kadiresi kachikasu. Msoko wa m'munsi wakhota pang'ono, mundikhululukire.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Telala